Chaka Chimene Ndinadya Msipu Pamodzi ndi Ng'ombe Zanga

Ana inu, ndimakuonani mukutsinana ndikamakankhira kumbali kabichi wosaphika uja amene mayi anu amamutcha saladi. Iwe Takondwa unafika pouza anzako kuti agogo amaopa masamba monga mmene anthu ena amaopera njoka. Sunaname kwenikweni. Koma popeza maso akadaona ndipo dzanja likadagwira cholembera, ndati ndikulembereni chiyambi chake, kuti mukamandiseka muziseka mukudziwa nkhani yonse. Pali chaka china chimene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa ukulu wa mpingo ndi mbiri yoti ndimamwa kachasu mobisa, ine amene sindinalawepo ngakhale masese. Amene anandifikitsa pamenepo ndi masamba.

Kuno kwa Mlonyeni sindinabadwireko. Ndinabwera ndili mnyamata pa lole ya esiteti, titapanikizana ndi mabanja ena ochokera ku Dedza, aliyense atakumbatira mphasa yake ndi khasu. Tinali matenanti a fodya. Inu fodya mumamudziwa ali m'mabelo pa lole, simunasokepo tsamba ndi tsamba mpaka zala kuda bii ndi utomoni, kapena kukwera m'chigafa kukapachika mikangala utsi wa fodya ukukuyetsemulitsa. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona munthu akudya masamba osaphika. Anali mwini esitetiyo. Tinkamusuzumira ali pakhonde akutafuna ngati mbuzi, ife n'kumanong'onezana kuti munthu wolemera chonchi wasowa nkhuni. Ndinkaseka kwambiri kuposa anzanga onse. Mulungu amaleza mtima, koma saiwala amene anaseka.

Nditakwatira agogo anu aakazi, aNaphiri, ndinachoka pa esiteti n'kukhala kwawo. Tinalima chimanga ndi mtedza, ndipo patapita zaka tinapeza ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Bulaki ndi Kapiteni, kenako zazikazi zingapo. Ngolo masiku amenewo inali chilichonse. Inkatuta manyowa, inkanyamula odwala, inkapita mpaka cha ku Kachebere kukatenga mchere ndi sopo zochokera kutsidya kwa malire. Iwe Limbani ukakwera njinga yamoto umadandaula kuti msana wawawa. Ukanakwera ngolo ya Kapiteni pa msewu wa mabampu ukanadziwa kuti m'thupi mwa munthu muli mafupa angati. Koma ndasochera. Ndimati ndikuuzeni za alamu anga.

ANaphiri anali ndi mchimwene wawo, a Layisoni, amene inu simunawapeze. Ntchito yawo inali kupha ng'ombe ndi mbuzi pamsika, ndipo mpeni unkawamvera. Anali munthu wamtima wofewa, wokonda ana, koma kachasu anali atawamanga manja ndi miyendo. Ine panthawiyo n'kuti nditasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndikukhala pa benchi ya kutsogolo ndi jekete lakuda limene ndinkalisita ndi simbi ya makala. Tikakumana panjira zinkakhala chonchi:

"Alamu abusa, mwaswera bwanji? Kumwamba kuli nkhani yanji lero?"

"Kuli nkhani yoti dzina lanu silikuoneka bwinobwino, alamu."

"Auzeni ayang'ane pansi pa tebulo, mwina linagwa."

Ndinkawakonda, ndipo ndinkawaopera. Ndikapatsidwa mwayi wolalikira, ulaliki wanga unkayamba kwina kulikonse koma unkathera pa mowa. Ndinkafotokoza mmene kachasu amawotchera chiwindi, mmene maso amasandukira achikasu, mmene mimba imatupira, mpaka amayi kumapukusa mitu. Mwini ulalikiwo sankakhalapo. Amene ankaumva anali anthu amene sankamwa n'komwe.

Chaka china m'chilimwe a Layisoni anagwera m'ngalande ataledzera, mpeni uli m'thumba, n'kudzicheka ntchafu. Anachira, koma ndinaona aNaphiri akulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo mtima wanga unasweka. Ndinaganiza kuti mawu alephera, kwatsala kusala kudya. M'Malemba muli anyamata ena amene anatengedwa ukapolo ku nyumba ya mfumu yachilendo, nakana nyama ndi vinyo za mfumuyo, napempha zamasamba ndi madzi basi, ndipo Mulungu anawakomera mtima. Ndinati ndichita chimodzimodzi mpaka alamu atasiya mowa. Komanso Ambuye wathu anaphunzitsa kuti wosala kudya asadzionetsere kwa anthu. Choncho ndinatsimikiza kuti asadziwe munthu aliyense, ngakhale aNaphiri.

Apa mpamene nzeru zanga zinaonekera. Munthu sungasale nyama mobisa m'nyumba imene mkazi wako amakuphikira. Ndiye ndinalanda ntchito yoweta ng'ombe, imene kale tinkasinthana ndi anansi, n'kumapita nazo kudambo ndekha tsiku lililonse. M'mawa osadya, masana osabwera kunyumba. Madzulo ndinkalawa pang'ono, ndipo pakakhala nyama ndinkati mano akundivuta. Chakudya changa chamasana chinali chimene ndinkachitcha gome la Ambuye, ndiye kuti masamba akudambo.

Dambo lija m'miyezi yotentha limauma, madzi n'kutsala m'maiwe owerengeka ndi pa kasupe mmodzi wa kumunsi. Ng'ombe za midzi yonse zinkasonkhana pamenepo, kumwa, kuponda, ndi kusiya ndowe. M'matopemo munali tinkhono ting'onoting'ono tambirimbiri, timene sindinkatiwerengera kanthu. M'mphepete mwa madzi munkamera timasamba tobiriwira bwino, toluma lilime pang'ono ngati mpiru. Ndinkatithyola, kutitsukuluza m'madzi omwewo, kugwada, kuyamika, n'kudya. Pomaliza ndinkatunga madzi ndi manja n'kumwa. Kapiteni ankaima pafupi akubzikula, akundiyang'ana ngati akufunsa kuti nanga goli azisenza ndani ngati tonse tayamba msipu.

Ndinakawerenganso ndimeyo nditachira. Palibe pamene analemba kuti anyamata aja anadya zosaphika. Kunyumba ya mfumu miphika inalipo, nkhuni zinalipo. Zosaphikazo ndinawonjezera ndekha, poganiza kuti chimene sichinakhudze moto, mchere ndi mafuta ndiye choyera koposa.

Chinanso chimene sindinachiganizire ndi njira. Njira ya kudambo inkadutsa kuseri kwa nyumba ya mayi wina amene ankatcheza kachasu. Tsono taganizani zimene anthu ankaona. Mkulu wa mpingo amene kale ankaweta mwa apo ndi apo wayamba kulowera njira imeneyo yekhayekha tsiku ndi tsiku. Madzulo akubwera miyendo ili lendelende chifukwa cha njala, akuimba nyimbo za mapemphero chapansipansi, maso ali psuu ndi dzuwa. Inenso ndikanamuona munthu wotero ndikanamuika mu ulaliki wanga.

Mvula itagwa, ntchito ya kumunda inandichotsa kudambo, kusala kwanga n'kuthera pomwepo. A Layisoni anali akumwabe monga kale. Posakhalitsa thupi linayamba kutentha. Tinati malungo, ndinamwa mankhwala a malungo, koma kutentha kunkapita n'kubwereranso. Kenako ziwengo zoyabwa thupi lonse. Kenako ululu pansi pa nthiti za kumanja, ngati munthu akukankha chibakera kuchokera m'kati. Chakudya sichinkalowa. Jekete lija linayamba kundilendewera ngati ndabwereka. Pamene chimanga chinkamasula, maso anga anali atasanduka achikasu ngati dzungu.

Kumudzi kuno matenda a chiwindi a munthu wamwamuna ali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo amene anaphunzitsa anthu tanthauzolo mwakhama ndinali ine. A Layisoni anabwera kudzandizonda, anandiyang'anitsitsa, n'kukhala pansi.

"Alamu, maso amenewa ndi anga. Mwabwereka liti?"

"Musandiseke, alamu, ndikumva kuwawa."

"Sindikuseka. Ndikudabwa kuti ine ndimwe, inu mudwale. Chilungamo chake chili pati?"

Anaseka, koma pochoka anandisiyira mapapaya awiri, ndipo ndinawamva akuuza mlongo wawo panja kuti asachedwe nane kuchipatala.

Amene sanabwere kudzaseka ndi a Mbewe, mlembi wa mpingo wathu, munthu wachikulire wosachulutsa mawu. Anakhala pa mpando wa ndalema, chipewa chili pabondo, tinapemphera, kenako anati:

"A Mwale, ndatumidwa ndi akulu anzanu. Anthu akuyankhula. Ine sindikhulupirira za m'maluwa, n'chifukwa chake ndabwera kwa eni ake. Kodi mumamwa?"

"Sindinalawepo, bambo Mbewe."

"Zikomo. Nanga chilimwe chonse chija, njira ija, munkakatani?"

"Ndinkaweta ng'ombe."

"Ng'ombe timaweta tonse. Sitibwerako tikudzandira."

Ndikanati ndiulule, ndiye kuti kusala kwanga ndakulengeza pamsika, mphotho yake yatha. Ndiponso ndikanatchula dzina la alamu anga pakati pa akulu a mpingo ngati munthu wotayika. Ndiye ndinayankha yankho limene ndinkaliona lopatulika kwambiri.

"Zimenezo zili pakati pa ine ndi Mulungu wanga."

A Mbewe anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali. Ndinazindikira pambuyo pake kuti yankho limeneli ndi lomwe amapereka onse ogwidwa.

"Ngati zili choncho," iwo anatero, "muyambe mwapuma pa udindo. Tidzakhala pansi tikakolola, usanafike mgonero. Mukadzatimasulira, mudzabwerera pamalo panu. Mukadzapanda kutero, tidzasankha wina."

Choncho ndinasamukira pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ana inu, zaka zonse zija sindinkadziwa kuti kumbuyoko ulaliki sumveka. Kumamveka makanda, nkhuku za kwa abusa, ndi amayi akufunsana mtengo wa feteleza. Ndinkakhala pamenepo mutu uli pansi, anthu akundiba ndi maso. Ululu wa pansi pa nthiti unali waukulu, koma wa pa benchi ija unkaposa. Dzina ndi chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho pa lole ija chimene sichinathe. Ndinkadzitonthoza podziyerekeza ndi munthu wolungama uja wa m'Malemba amene anakhala paphulusa akudzikanda ndi phale, anzake akumunena kuti wachimwa. Tsiku lina ndinawauza aNaphiri zimenezi. Iwo anati, "Ujatu sankabisira mkazi wake kumene wachokera."

Kuchipatala chathu chaching'ono anayeza malungo, sanawapeze. Anandipatsa mankhwala a likodzo poganizira za madzi a kudambo, koma sanasinthe kanthu. Sindiwanena, chinthucho chimabisala, ndipo ine mwini sindinkawathandiza ndi mayankho anga. Anatitumiza kuboma, a kuboma n'kutitumiza ku Lilongwe. Tinakwera minibasi, ine nditatsamira zenera, bampu iliyonse ikundifika pachiwindi. Kumeneko anandipaka zoterera pamimba n'kuyendetsapo makina oonera m'kati. Anatenga magazi. Anandipatsanso kabotolo kuti ndibweretse chimbudzi, osati kamodzi kokha. Munthu amene ndinkanyamula mbale ya mgonero ndinali kuyenda m'khonde la chipatala nditabisa kabotolo m'jekete. Mulungu ali ndi njira zambiri zochepetsera munthu, ndipo ine anandisankhira zachidule.

Dokotala wake anali mtsikana, msinkhu wa mayi anu panthawiyo. Anatiitana tonse awiri.

"Bambo, mumamwa mowa?"

"Ayi."

"Samwa," anatero aNaphiri. "Akanakhala akumwa bwenzi tikudziwa chochita."

"Muli ndi ng'ombe?"

"Zilipo."

"Zimadya kudambo? Kuli nkhono?"

"Zimadya komweko. Nkhono ziliko."

"Inuyo munamwapo madzi a kumeneko osawiritsa? Kapena kudya masamba a m'madzi osaphika?"

"Masamba osaphika?" aNaphiri anaseka. "Adokotala, kwathu timaphika. Awa si mbuzi."

Ine ndinali kuyang'ana nsapato zanga. Kenako ndinamva aNaphiri akutembenuka pa mpando.

"Bambo a Rute. Yankhani."

"Ndinadyako," ndinatero.

"Kangati?" anafunsa dokotala.

"Chilimwe chonse."

"Ndiye mano aja," anatero aNaphiri pang'onopang'ono, "ankakana nyama yanga koma udzu ankatafuna."

Dokotala anabisa kamwa ndi dzanja, kenako anatifotokozera bwinobwino, ndipo ndikufuna mumve, chifukwa ena mwa inu mudzaweta. Anati m'chimbudzi changa apezamo mazira a nyongolotsi za m'chiwindi, zomwe zija timaziona tikapha ng'ombe yowonda, zaphanthiphanthi ngati tsamba laling'ono. Ng'ombe yodwala imataya mazirawo m'ndowe. Akagwera m'madzi amaswa, tizilomboto n'kulowa mu nkhono zija, kukuliramo ndi kuchulukana, kenako n'kutuluka kukamatirira pa udzu ndi masamba a m'madzi. Pamenepo n'tating'ono kwambiri moti maso sangaone, ndipo kutsukuluza sikuchotsa. Ng'ombe ikadya udzuwo, kapena mkulu wa mpingo akadya masambawo, timaboola matumbo, kuyenda mpaka kuchiwindi, kudya njira yake m'menemo, n'kukakhazikika m'mitsempha ya ndulu. Tikakula timatseka njira ya ndulu, ndiye chikasu chija. Ndinafunsa ngati ndingapatsire a kunyumba. Anati ayi, sizichoka kwa munthu kupita kwa munthu, ndipo nyama yophikidwa bwino siyopatsa matendawa. Moto umapha. Choncho nyama imene ndinkaikana inalibe mlandu, ndipo chakudya changa choyera chija ndicho chinali ndi gulu lonse la nkhondo.

Ananenanso kuti masamba olimidwa kutali ndi ziweto, othiriridwa ndi kutsukidwa ndi madzi abwino, alibe vuto. Ndiye saladi wa mayi anu sindikumunena. Kungoti mmero wanga sunamve nawo mawu amenewo.

Tinakwera minibasi yobwerera mpaka tinadutsa Namitete. Kenako aNaphiri anafunsa osandiyang'ana.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkasala kudya."

"Kusalira chiyani?"

"Achimwene anu. Kuti asiye mowa."

Anatembenukira kuzenera la mbali ina, mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena kulira, ndikhulupirira zinali zonse. Atapukuta maso ndi chitenje anati ndikawauze akulu a mpingo. Ndinakana. Ndinati za nyongolotsi ndikanena, koma za kusala ayi, chifukwa ndichititsa manyazi alamu, komanso nditaya mphotho yanga.

"Mphotho yanuyo mwalandira kale," iwo anatero. "Ili m'chiwindi."

Mankhwala ake sanali opezeka wamba, tinadikira ndithu asanafike. A Layisoni atamva dzina la matendawa anawomba m'manja, amvekere vuto lake n'chiyani, alangizi a ziweto ali nawo a m'botolo, andigwire mphuno andimwetse ngati thole. Mwamwayi dokotala anali atatichenjeza kale kuti a ng'ombe ndi a ng'ombe, ndisayerekeze. Mankhwala anga atafika anali timapiritsi tochepa, moti ndinakhumudwa kuti mavuto onse aja mapeto ake n'kukhala timeneti. Nditamwa, m'mimba munapota kwa masiku angapo, kenako kutentha kunasiya, chakudya chinayamba kulowa, maso n'kuyamba kuyera pang'onopang'ono ngati kukucha.

Thupi linkachira, koma mlandu unali pomwepo. Titakolola, a Mbewe anatumiza mawu kuti akulu akhala pansi Loweruka. Sabata yomweyo tinagwirizana zopha Kapiteni. Anali atawonda mpaka nthiti kuwerengeka, pansi pa chibwano patatupa ngati thumba la madzi, ngolo osaikokanso. Ndinamusisita pamphumi m'mawa wa Lowerukalo, n'kumusiya m'manja mwa a Layisoni, ine n'kuvala jekete kupita kutchalitchi.

Tinakhala m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Titapemphera ndinafotokoza zonse za dokotala, za mazira, za nkhono, za ndulu. Ndinafotokoza bwino ndithu, ngati ulaliki. Koma mawu a dokotala akatuluka pakamwa pa woimbidwa mlandu amasanduka mawu a woimbidwa mlandu. Mkulu wina anakanda mutu n'kunena kuti nyongolotsi za munthu zimakhala m'mimba, za m'chiwindi anaziona mu ng'ombe zokha, ndipo munthu si ng'ombe. Wina anati maso ayera chifukwa ndasiya, ndipo tiyamike Mulungu kuti ndasiya, koma ndivomere kaye. Ndinaona kuti benchi ya kumbuyo ikundiitana mpaka imfa.

Pamenepo kunamveka odi pakhomo. Anali a Layisoni, malaya ali magazi, atanyamula beseni lovundikira ndi masamba a nthochi. Amene anawatuma ndi aNaphiri. Anavula chipewa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Pepani akuluakulu, sindine wa muno. Ndangobweretsa mboni."

Anaika beseni pansi n'kuvundukula. Chinali chiwindi cha Kapiteni, chotuwa, cholimba, mitsempha yake yoyera yokhuthala ngati mapaipi. Anacheka pakati n'kufinya ndi chala chachikulu. Zinatuluka, ana inu, zaphanthiphanthi, zotuwira, zikudzipinda ndi kudzitambasula m'beseni. Tonse tinali titazionapo pophera ng'ombe, timangodula poipapo n'kutaya. Koma tsiku limenelo ndinaziyang'ana ngati munthu wakumana ndi alendo amene anagona m'nyumba mwake iye osawaona nkhope.

"Iyi ndi ng'ombe ya alamu angawa," anatero a Layisoni. "Kumene timamwera kuja sinabwereko. Ikanabwera ndikanaiona, sindijomba. Eni akenso sindinawaoneko. Chiwindi chawo ndi cha ng'ombe yawo zadwala nthenda imodzi."

Akulu ena anaseka, ena anasendera pafupi kuti aone bwino. A Mbewe okha sanaseke.

"Tamva, ndipo taona," iwo anatero. "Ng'ombe inadya msipu wa kudambo, n'chifukwa chake ili chonchi. A Mwale, mwatiuza nokha kuti zimenezi zimalowa ndi masamba osaphika. Inu muli ndi akazi anu odziwa kuphika. Chinakutengerani kukadya msipu n'chiyani? Funso langa ndi lomwe lija. Mukatiyankha, nkhani yatha. Mukapanda kuyankha, ine sindingaimirire pamaso pa mpingo kunena kuti ndamvetsa."

Ndinayang'ana a Layisoni. Anali atagwada pambali pa beseni akupukuta mpeni ndi tsamba la nthochi. Ndinapemphera mumtima pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo, ndipo ndinaona kuti chinsinsi chimene ndinkati ndikusungira Mulungu, Mulunguyo sankachifuna. Ndinkachifuna ndine.

"Ndinkasala kudya," ndinatero. "Ndinkadya masamba ndi madzi basi, ngati anyamata aja a kunyumba ya mfumu. Ndinkapempherera alamu angawa kuti amasuke ku mowa. Sindinafune kuti munthu adziwe."

Mpeni unasiya kuyenda pa tsamba lija.

"Chilimwe chonse chija?" anafunsa a Layisoni, osadzutsa mutu.

"Chonse."

"Munkadya udzu chifukwa cha ine."

"Masamba, alamu."

"Udzu." Anaimirira, anavundikira beseni, analinyamula. Ali pakhomo anatembenuka, ndipo mawu awo sanali olimba monga mwa masiku onse. "Alamu, mukafuna kundipempherera, muzipemphera mutakhuta. Mulungu amamva ngakhale munthu wokhuta."

Atatuluka, a Mbewe anatsokomola, n'kufunsa akulu anzawo ngati pali wina amene akadali ndi funso. Panalibe. Mkulu uja amene anati munthu si ng'ombe anandigwira dzanja n'kupepesa, koma ndinaona kuti akulimbana ndi milomo yake. Anagamula kuti ndibwerere pa udindo, ndipo popeza mbiri inafalikira poyera, kuyeretsedwa kwanganso kulengezedwe poyera mawa lake. Ndinapempha a Mbewe kuti za alamu asazitchule. Anavomera. Sindinaganize zowafunsa kuti nanga anena chiyani.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa nkhani ya beseni inali itayenda kale. Ine ndinakhala pa benchi yanga ya kumbuyo. Itafika nthawi ya zolengeza, a Mbewe anaimirira, anavala magalasi, ngakhale analibe choti awerenge.

"Akulu a mpingo anakhala pansi dzulo pa nkhani ya a Mwale. Tapeza kuti a Mwale samwa mowa, ndipo sanamwepo. Anadwala chifukwa anadya msipu kudambo. Abwerere pamalo pawo."

Anakhala pansi. Kuseka kunayambira kwa amayi a kumanzere n'kufalikira tchalitchi chonse, mpaka abusa anaweramitsa mutu kuseri kwa gome. M'kati mwa kuseka kumeneko ndinaimirira, ndinakonza jekete, n'kuyamba kuyenda kupita kutsogolo. Kanjira kapakati pa mabenchi sikatalika, koma tsiku limenelo kanali ngati ulendo wa ku Kachebere pa ngolo. Amayi ena ankandigwira dzanja ndikudutsa, akupukuta misozi ya kuseka. Miyezi yonse ija ndinkapempha Ambuye kuti andibwezere dzina langa, ndipo anandibwezeradi, lili ndi udzu kukamwa.

Nditakhala pansi n'kutembenuka, ndinaona pamalo pamene ndinachokapo pakhala munthu. Anali a Layisoni, atavala malaya oyera a ukwati wawo amene sankamangikanso mabatani. Musafulumire, ana inu, sanatembenuke mtima tsiku limenelo, ndipo mowa sanasiye chaka chimenecho. Zimenezo Mulungu anazichita nthawi yake, m'njira yake, popanda thandizo la masamba anga. Titaweruka ndinawapeza panja ataima pamthunzi.

"Alamu, lero mwalowa."

"Ndimati ndimve ngati anena bwino," iwo anatero. "Akanalakwitsa ndikanabweretsanso beseni."

"Ulaliki mwaumva?"

"Kumbuyo kuja sikumveka kanthu. Inu munkakhala bwanji?"

Ndinawauza kuti sabata yamawa asendere kutsogolo pang'ono. Anati aona. Kenako belu la akulu linalira, ndipo ndinalowa kukakonza za mgonero.